Kuzindikira ndi Kusamala Zithunzi Zakale za Aquatint Zopakidwa Utoto Pamanja

Chithunzi cha aquatint (njira yodinda zithunzi ndi lata la mkuwa lodyedwa ndi asidi) chopakidwa utoto pamanja chimakhala ndi zinthu zitatu zosanjikizana. Pansi pali pepala, pakati pali inki yomwe inadindidwa kuchokera pa lata la mkuwa, ndipo pamwamba pali utoto wosungunula ndi madzi womwe munthu anapaka ndi burashi. Zitatuzi sizikhala za msinkhu umodzi nthawi zonse. Lata likhoza kukhala lokonzedwa mu 1808, pepala n'kukhala la zaka 20 pambuyo pake, utoto n'kukhala wa dzana dzanali. Choncho mukapeza chithunzi chotere, kaya pa okushoni ku London, m'sitolo ya zinthu zakale ku Cape Town, kapena pakhoma la nyumba yomwe anasiya agogo, funso lakuti "kodi n'chakale?" silikwanira. Inki muifufuze payokha, pepala palokha, utoto pawokha.

Mmene ankazipangira

Zomwe mudzaone pa galasi lokuza zinthu simungazimvetse ngati simukudziwa kumene zinachokera. Mmisiri ankatenga lata la mkuwa losalala bwino n'kuliwaza fumbi la utomoni wa paini, mpaka fumbilo litaphimba pafupifupi theka la nkhope ya latalo. Kenako ankalitenthetsa pang'ono chakunsi kuti timibulu ta utomonito tisungunuke n'kukakamira. Akaliviika mu asidi, asidiyo ankangodya mkuwa wa m'mipata ya pakati pa timibuluto, n'kusiya timaenje ndi tingalande tating'onoting'ono. M'menemo ndi momwe mumatsalira inki akapukuta latalo, ndipo makina akalipanikiza papepala lonyowa pang'ono, inkiyo imachoka m'timaenjemo n'kukhala papepala.

Kuti pena pade kwambiri pena pang'ono, ankagwiritsa ntchito vanishi. Malo ofunika kukhala oyera, monga mtambo kapena khoma lowombedwa ndi dzuwa, ankawapaka vanishi asanaviike n'komwe. Akaviika kanthawi kochepa ankavuula, kutsuka, kuumitsa, n'kuphimbanso malo ofunika kukhala otuwa pang'ono, kenako n'kuviikanso. Ankabwereza choncho katatu, kasanu, mwinanso kuposa, ndipo malo omwe anadyedwa maulendo onsewo ndi omwe amatuluka akuda bii. N'chifukwa chake mthunzi wa aquatint susintha mwapang'onopang'ono. Umasintha gawo ndi gawo, ndipo gawo lililonse lili ndi malire ooneka bwino pomwe burashi ya vanishi inalekezera. Mizere ya m'mbali mwa nyumba, mitengo ndi anthu nthawi zambiri ankaijambula padera ndi singano, n'kuidyetsanso asidi.

Njirayi anaikhwimitsa ndi Jean-Baptiste Le Prince wa ku France cha m'ma 1768, ndipo ku England anaitchukitsa ndi Paul Sandby, yemwe mu 1775 anatulutsa zithunzi za malo a ku Wales. Sandby ankakonda kusungunula utomoni mu sipiriti n'kuuthira pa lata. Sipiritiyo akauma, utomoniwo unkang'aluka timing'alu tambirimbiri, ndipo asidi ankalowa m'menemo. Zaka zomwe aquatint yopakidwa utoto inali pachimake ndi kuyambira m'ma 1790 kufika m'ma 1830. Kenako inaphangiridwa malo ndi lithograph, njira yodindira ndi mwala yomwe Alois Senefelder anatulukira mu 1796, chifukwa inali yachangu ndiponso yotchipa. Zaka zimenezi muzisunge m'mutu, zikuthandizani kukana mabodza ambiri.

Yambani ndi inki

Zida zake n'zochepa: galasi lokuza zinthu ka 10, tochi yaing'ono, rula ya mamilimita, pensulo, ndi tebulo loyera loyalapo pepala. Sambani m'manja n'kupukuta bwino. Magolovesi a thonje sitiwalimbikitsa chifukwa amakola m'mphepete mwa pepala long'ambika, ndiponso amachititsa kuti zala zisamve kulimba kwa pepalalo. Cholembera cha inki ndi kapu ya tiyi zisakhale patebulopo.

Sankhani malo otuwa pang'ono omwe utoto wake ndi wopyapyala, monga phiri la patali kapena mthunzi wa khoma, n'kuikapo galasi. Ngati mmisiri anawaza fumbi, muona timadontho toyera tosiyanasiyana kukula, tozunguliridwa ndi inki mbali zonse. Ngati anathira utomoni wa sipiriti, muona timizere ta inki tolumikizana ngati matope a m'dambo akang'aluka m'chilimwe. Mitundu iwiri yonseyi ilibe dongosolo, palibe kadontho kofanana ndi kanzake. Chofunika kugwira n'chakuti toyerato ndi timene tili pakati, inki ili mozungulira.

Mukaona timadontho tandandalika m'mizere yowongoka, tofiirira, tabuluu, tachikasu ndi takuda, totalikirana mofanana, chimenecho n'chithunzi cha makina amakono, chochokera m'buku kapena pa kalendala. Mukaona timadontho ta mitundumitundu tomwazika ngati fumbi popanda mzere wa inki wolimba, n'chochokera pa pulinta ya kompyuta. Lithograph imaonetsa timadontho takuda papepala loyera, mmene pensulo yofewa imachitira papepala lokhakhala, ndipo inki yake imakhala yafulati. Mezzotint, njira ina yodindira ndi lata la mkuwa, nayo imasokoneza anthu, koma mthunzi wake umachoka pakuda kupita poyera mosalala, popanda malire aja a vanishi. Chovuta kwambiri ndi photogravure, njira yomwe inafala kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, chifukwa nayo imagwiritsa ntchito fumbi la utomoni pa mkuwa. Poizindikira yang'anani mizere ndi zilembo. Pa aquatint yeniyeni mzere wa singano umakhala wathunthu ndi wakuthwa, pomwe pa photogravure mzerewo umaoneka wophwanyika m'timadontho m'mbali mwake, poti chithunzi chonse chinachita kujambulidwa ndi kamera.

Tsopano zimitsani nyale ya m'chipinda, ikani tochi m'mbali kuti kuwala kuyende chogona papepala. Mizere yakuda kwambiri iyenera kuoneka yotukuka pang'ono pamwamba pa pepala. Musaikhudze ndi chala pofuna kutsimikiza, maso akukwana.

Muonenso mtundu wa inki. Amisiri ambiri a ku England ankadinda ndi inki ziwiri pa lata limodzi, yabuluu kumwamba ndi kumapiri akutali, yabulauni pansi ndi pafupi. Izi zinkapeputsa ntchito ya opaka utoto. Ndiye mukaona kuti timizere ta kumwamba ndi tabuluu osati takuda, musadabwe, n'chizindikiro chabwino.

Chomaliza pa inki ndi kutha kwa lata. Mkuwa ndi wofewa, ndipo timaenje ta aquatint n'tosaya, choncho timafufutika msanga kuposa mizere. Lata likadinda makope mazana angapo, mithunzi imayamba kuyera, mizere n'kutsala yokha. Chithunzi chomwe mizere yake ndi yamphamvu koma mithunzi yake ndi yofooka ndi yamawangamawanga chinadindidwa latalo litatopa. Nthawi zambiri wopaka utoto ankakuta vutoli ndi utoto wochindikala, ndiye mukaona utoto wolemera pamalo omwe panayenera kukhala mthunzi wa inki, yang'anitsitsani pansi pake.

Chidindo cha lata ndi pepala

Makina akapanikiza lata papepala lonyowa, m'mphepete mwa latalo mumasiya mzere wolowa wozungulira chithunzi chonse. Mzerewu umaoneka bwino ndi tochi yogoneka, ndipo kumbuyo kwa pepala umatukuka. M'kati mwake pepala limakhala losalala kuposa kunja, chifukwa mkuwa unalisita. Komabe mzerewu pawokha si umboni. Opanga zonyenga amadinda lata lopanda kanthu pa chithunzi cha makina kuti pakhale mzere. Wabodzawo umakhala woyera mopitirira ndi wakuthwa mofanana mbali zonse, pomwe weniweni kawirikawiri umakhala ndi kainki kotsalira m'mphepete. Kusowa kwa mzerewu nakonso sikutsutsa chithunzi, poti omanga mabuku ankadula mapepala, ndipo ena ankadula mpaka m'kati mwa mzerewo. Chodulidwa chotero chimatsika mtengo, koma chikadali chenicheni.

Nyamulani pepalalo ndi manja awiri kuti kuwala kudutse kuchokera kumbuyo. Mapepala akale alipo a mitundu iwiri. Ena amaonetsa timizere tothithikana todutsidwa ndi mizere ina yotalikirana masentimita awiri kapena atatu. Ena alibe mizere, amaoneka chimodzimodzi paliponse. Mtundu wachiwiriwu anauyambitsa ndi James Whatman m'zaka za m'ma 1750, ndipo ma aquatint ambiri a ku England a pambuyo pa 1790 ali pa pepala lotere, chifukwa limalandira bwino timadontho ndi utoto.

Chakumphepete mukhoza kuona zilembo zoyera m'kati mwa pepala lenilenilo, zomwe amazitcha watermark. Dzina lofala ndi J WHATMAN, nthawi zina ndi mawu akuti TURKEY MILL. Kuyambira mu 1794 mapepala ambiri a ku England ankaikamonso chaka. Chaka chimenechi n'chamtengo wapatali, koma muchiwerenge molondola: chikukuuzani kuti chithunzicho sichinadindidwe chisanafike chakacho, osati kuti chinadindidwa chaka chomwecho. Ngati m'munsi mwa chithunzi mwalembedwa 1809 koma pepala likuti 1827, ndiye kuti anadindanso ndi lata lakale patapita zaka. Si chinyengo, osindikiza ankachita zimenezi poyera malinga ngati ogula alipo, koma mtengo wake sungafanane ndi wa makope oyamba. Mukapanda kupeza watermark musataye mtima, popeza pepala lalikulu ankalidula pawiri kapena panayi ndipo zilembozo zinkatsalira chidutswa chimodzi.

Mukakhala ndi tochi ya UV (ya kuwala kwa ultraviolet, ngati yoyezera ndalama zachinyengo), iwalitseni kumphepete mu mdima. Pepala lomwe liwala buluu wothobwa m'maso lili ndi mankhwala oyeretsera omwe anayamba kufala m'zaka za m'ma 1950. Pepala la nsanza za thonje ndi bafuta la m'ma 1800 silitero.

Timabowo tandandalika kumphepete imodzi ndi momwe munadutsa ulusi, ndipo mzere wopinda pakati umasonyeza kuti chithunzicho chinali chachikulu kuposa buku lake. Zambiri mwa zithunzi zomwe zimagulitsidwa chimodzichimodzi lero zinachotsedwa m'mabuku. Zomwe zinachotsedwa kale palibe chochitira, koma buku lathunthu mukakhala nalo musalimasule. Likamwazika silibwereranso.

Mawu a m'munsi

Pansi pa chithunzi pamakhala timawu tachilatini tofupikitsidwa. Dzina lotsatiridwa ndi del. ndi la amene anajambula chithunzi choyambirira, pinx. ndi la amene anachipenta, sculp. kapena sc. ndi la amene anagoba lata, ndipo aquat. ndi la amene anaika mithunzi ya utomoni. Kawirikawiri wojambula amakhala kumanzere, wogoba kumanja. Pakati, pansi penipeni, pamakhala dzina la wosindikiza, malo a sitolo yake ndi tsiku, nthawi zina ndi mawu akuti "Published as the Act directs". Lamulo la ku Britain la m'zaka za m'ma 1730 linkateteza chithunzi kwa okopera pokhapokha tsiku ndi dzina la mwini zitalembedwa pa lata. Tsikuli ndi la lata, ndipo limatulukabe chimodzimodzi ngakhale latalo lidindidwe patapita zaka 100. Yang'anani ndi galasi ngati pali zizindikiro zakuti dzina lina linapalidwa n'kulembapo lina. Malata ankagulitsidwa wosindikiza akamwalira kapena akagwa pa malonda, ndipo wogulayo ankaikapo dzina lake.

Utoto, pomwe pamagona nkhani

Apa ndi pomwe ngakhale odziwa amatsutsana. Mwini chithunzi ankapaka kope limodzi lachitsanzo, ndipo gulu la opaka, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, linkatsanzira pa makope mazanamazana. Utoto wa nthawi imeneyo ndi wopyapyala, woonekera, wongothandiza mthunzi wa inki osati kuukwirira. Ndi galasi muona pomwe burashi inadumpha mzere pang'ono, ndi kamzere kakuda m'mphepete pomwe madzi anaumira. Pamalo akuda, monga chikopa cha hatchi kapena masamba a pafupi, ena ankapakapo ulimbo wa gum arabic kuti pawale, ndipo mukapendeketsa pepala pamanyezimira, nthawi zina ndi timing'alu.

Zithunzi zambiri zinkagulitsidwa mitundu iwiri, zopaka ndi zosapaka, zosapakazo motchipa. Pambuyo pake amalonda anapakitsa zosapaka zija kuti zikwere mtengo, ndipo mpaka lero zikuchitika. Pali zinthu zingapo zomwe zimaulula. Choyamba ndi timawanga tabulauni ta ukalamba tomwe amatitcha foxing. Utoto ukakhala pamwamba pa kawangako n'kukabisa, ndiye kuti unabwera pepala litakalamba kale. Chimodzimodzinso ukadutsa pong'ambika kapena popindika n'kulowerera m'menemo. Chachiwiri, tembenuzani pepalalo. Pepala lakale linkakhala ndi guluu wopyapyala wotchinga madzi, choncho utoto sunkalowerera. Likachapidwa guluuyo amachoka, ndipo utoto wopakidwa pambuyo pake umatulukira kumbuyo, makamaka wofiira ndi wabuluu. Koma samalani, wobiriwira wakale wopangidwa ndi mkuwa nawo umaonekera kumbuyo, ngati chithunzithunzi chabulauni chotsatira masamba ndi udzu. Chimenecho n'chizindikiro cha ukalamba weniweni, chifukwa zimatenga zaka zambiri kuti mkuwawo udye pepala. Chachitatu ndi kuwala kwa mitundu. Pepo woboola m'maso kapena pinki wowala kwambiri pa chithunzi cha 1810 n'zokayikitsa, poti utoto wa mtundu umenewo unayamba kupangidwa m'mafakitale kuyambira mu 1856.

Utoto wakale umasinthanso m'njira zake zodziwika. Wobiriwira wambiri unali wosakaniza buluu ndi chikasu, ndipo chikasu chikafwifwa ndi dzuwa mitengo imatsala yabuluu. Wofiira wa carmine umazimirira, nkhope ndi malaya a asilikali n'kuyera. Woyera ndi wofiira wa mtovu umada ukakumana ndi mpweya wa sulufule, ndiye mumapeza madontho akuda pamasaya kapena pa mafunde a nyanja. Njira yodalirika ndi kuyerekeza ndi kope lina la chithunzi chomwecho lomwe lakhala lotsekeredwa m'buku. British Museum, British Library ndi Yale Center for British Art anaika zithunzi zambiri zotere pa intaneti.

Zomwe zimaonetsa, ndi msampha wa mtundu uliwonse

Aquatint inkayenerana ndi thambo, madzi, mapiri ndi makoma, choncho zithunzi zambiri ndi za malo. Thomas Daniell ndi mwana wa mbale wake William anayenda ku India n'kutulutsa zithunzi 144 za akachisi, nyumba zachifumu ndi mitsinje pakati pa 1795 ndi 1808. William yemweyo anazungulira gombe la Britain n'kutulutsa zithunzi 308 pakati pa 1814 ndi 1825, ndipo ntchito yake pa thambo ndi nyanja ndi yomwe ambiri amayezera ena onse. Rudolph Ackermann, yemwe sitolo yake inali pa 101 Strand ku London, anasindikiza Microcosm of London pakati pa 1808 ndi 1810, zithunzi 104 zomwe nyumba zake anajambula ndi Augustus Pugin, anthu ake n'kujambula Thomas Rowlandson. Zimenezi zinadindidwa mobwerezabwereza kwa zaka zambiri, ndiye pa izi watermark muifunefune ndithu.

Zithunzi za masewera, monga kusaka nkhandwe ndi agalu, mipikisano ya akavalo ndi ngolo zamtengatenga za Henry Alken ndi James Pollard, ndi zomwe zili ndi makope ochedwa ochuluka kuposa zonse. Zinkapachikidwa m'mahotela ndi m'maofesi, anthu ankazifuna nthawi zonse, ndipo malata ena anapitiriza kudindidwa mpaka m'zaka za m'ma 1900. Chithunzi cha akavalo cholembedwa chaka cha m'ma 1820, chokhala pa pepala lochindikala loyera mbee, mithunzi yake yofooka, utoto wake wolemera, muchitenge ngati chochedwa mpaka umboni utakutsutsani.

Pa za chilengedwe, dzina lalikulu ndi John James Audubon. Mbalame zake za ku America, zithunzi 435, zinatuluka pakati pa 1827 ndi 1838, zambiri zogobedwa ndi Robert Havell wamng'ono ku London. Mapepala ake ndi aakulu pafupifupi masentimita 100 mulitali ndi 67 mulifupi, ndipo ndi a Whatman. Zing'onozing'ono za m'ma 1840 ndi ma lithograph, ndipo zina zambiri zomwe mumaziona m'masitolo ndi makope a makina. Rula yokha imathetsa nkhani zambiri za Audubon.

Za kuno kumwera kwa Africa, ofunika kumudziwa ndi Samuel Daniell, mng'ono wake wa William. Mu 1801 anatsagana ndi ulendo wochoka ku Cape kupita kwa Atswana ku Dithakong, ndipo mu 1804 ndi 1805 anatulutsa zithunzi 30 za malo, anthu ndi nyama. Muli mvuu, nyumbu, midzi ya Atswana, Akhoikhoi ndi Axhosa, komanso quagga, nyama yofanana ndi mbidzi yomwe yomaliza inafera ku Amsterdam mu 1883. Buku la maulendo la William Burchell la 1822 ndi 1824 lilinso ndi ma aquatint opaka utoto. Zithunzizi ndi umboni wosowa wa kamangidwe, kavalidwe ndi ziwiya za nthawiyo, koma muziwerenge mochenjera. Ojambula ankasuntha mitengo, kukweza mapiri ndi kuimika anthu mokomera maso a ogula a ku Ulaya, ndipo ogoba malata ambiri ku London anali asanapondepo malowo. Mitu ya zithunzi zina ili ndi mayina a mitundu ya anthu omwe lero ndi chipongwe. Musawafufute kapena kuwadula, ndi mbali ya mbiriyo, koma m'kaundula wanu lembani dzina lomwe eni ake amadzitchula. Zithunzi za William Clark za minda ya nzimbe ku Antigua za 1823 zimaonetsa akapolo akugwira ntchito mwabata ndi mwaukhondo, zomwe zikukuuzani zambiri za amene ankafuna kuzigula kuposa za moyo wa akapolowo.

Za Nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire, kumbukirani zaka zija. David Livingstone anafika kunyanjayi mu 1859, aquatint itatha kale fasho. Zithunzi za m'buku lake la 1865 n'zogoba pa thabwa, ndipo za Thomas Baines za mathithi a Victoria za chaka chomwecho ndi ma lithograph. Wina akakuonetsani chomwe akuti ndi aquatint ya nyanjayi ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, zaka zokhazo zikumutsutsa.

Kuchotsa mu felemu yakale ndi kuyeretsa

Zithunzi zambiri zimaonongeka ndi anthu ofuna kuzithandiza. Gonekani felemu chafufumimba pa nsalu yofewa, zulani misomali ndi pulayala, ndipo chotsani thabwa lakumbuyo. Thabwa ndi katoni wamba zili ndi asidi yemwe amapsereza pepala, n'chifukwa chake mumapeza mzere wabulauni pomwe katoni inalekezera, kapena chithunzi cha mfundo za thabwa kumbuyo. Chithunzi chikakakamira pa galasi, musachikoke, utoto utsalira pagalasipo. Chikakhala chomatidwa chonse pa katoni, chisiyeni choncho. Ntchito ziwirizi ndi za katswiri wokonza mapepala.

Zomwe mungachite nokha n'zochepa. Sasani fumbi ndi burashi yofewa kwambiri, kuchokera pakati kupita kunja. Kumphepete koyera kokha, osati pa inki kapena pa utoto, mungapukute ndi labala yoyera ya vinyl yoperesa tizidutswa, mukuzunguza ndi nsonga ya chala mopepuka, kenako n'kusasa tonse. Zolemba za pensulo zakale musafufute, zikhoza kukhala za mwini wakale kapena nambala ya tsamba. Madzi, jiki, mandimu ndi buledi zisayandikire. Madzi amasungunula utoto ndi ulimbo uja, jiki amadya ulusi wa pepala, ndipo nyenyeswa za buledi zimaitana mphemvu. Selotepi imasiya banga lachikasu lolowerera lomwe silichoka. Choopsa kuposa zonse ndi kuchimata m'pulasitiki ndi makina otentha monga timachitira ndi masatifiketi. Chikalowa m'menemo chatha.

Chikanyowa ndi mvula yodontha, chigonekeni chagada pa pepala lomwa madzi pamthunzi podutsa mphepo. Musapukute, musasite, musayanike padzuwa. Chikachita chuku, chiumitseni kaye, kenako sasani chukucho panja mutavala chotchinga pakamwa ndi mphuno.

Kuika mu felemu yatsopano

Gulani katoni yopanda asidi, makamaka ya thonje, yochindikala mamilimita 1.5, kapena 3 ngati chithunzi n'chachikulu. Pafunika ziwiri, yakumbuyo ndi yakutsogolo yoboola windo. Windolo lisiye mamilimita 5 mpaka 10 kunja kwa mzere wa lata kuti mzerewo ndi mawu a m'munsi zioneke. Pepala musalidule kuti likwane felemu, felemu ndiyo itsatire pepala.

Kwa ongoyamba, njira yosavuta ndi timakona ta polyester tomatidwa pa katoni yakumbuyo, momwe ngodya za chithunzi zimangolowamo popanda guluu kuchikhudza. Njira ya akatswiri ndi timahinji ta pepala la ku Japan. Phala lomatira limaphikidwa ndi sitachi ya tirigu, muyezo umodzi pa miyezo isanu ya madzi oyera otchedwa distilled water, pamoto wochepa mukutakasa kwa mphindi 20 kapena kuposerapo mpaka lioneke langwee. Likazizira lisefeni n'kulisungunula ndi madzi pang'ono kuti likhale lopyapyala. Limasasa pakapita masiku ochepa, ndiye phikani lochepa. Ufa wa mandasi sulowa m'malo mwa sitachi, umakopa tizilombo. Pepala la hinji muling'ambe mutalinyowetsa mzere, osalidula ndi sizasi, kuti m'mphepete mukhale ulusi wofewa wosadinda chithunzi. Mahinji awiri a masentimita awiri mulifupi amakwana chithunzi chapakatikati. Amatidwe kumbuyo, kumphepete ya pamwamba yokha, atagwira mamilimita 3 mpaka 5 a pepala. Pakani phala lochepa, dikirani lisiye kunyezimira, matani, ikanipo pepala lomwa madzi ndi cholemera kwa ola limodzi. Phala likachuluka pepala limakwinyika pamenepo. M'mbali ndi pansi musamate, chifukwa pepala limafutukuka ndi chinyezi n'kubwerera kukauma, ndipo likamangidwa mbali zonse limachita mafunde kapena kung'ambika.

Galasi lisakhudze chithunzi, ntchito ya katoni ya windo ija ndi imeneyo. Galasi lotchinga UV limathandiza koma silithetsa kufwifwa, poti kuwala wamba nakonso kumadya utoto.

Popachika ndi posunga

Nyumba zosungira zinthu zakale zimaonetsa zithunzi zotere pa kuwala kwa 50 lux, komwe ndi kuwala kochepa kongokwanira kuona bwino, kwa miyezi itatu kapena kuchepera, kenako n'kuzibweza mumdima. Kunyumba sankhani khoma la m'kati lomwe dzuwa siligunda nthawi iliyonse ya tsiku, kutali ndi khitchini, bafa ndi utsi wa mbaula. Khoma loyang'ana kunja limatulutsa chinyontho nthawi ya dzinja. Matani tizidutswa ta cork (chotsekera botolo la vinyo) kapena labala kumakona a kumbuyo kwa felemu kuti pakhale mpata wa sentimita imodzi wodutsa mphepo. Ngati chithunzi n'chamtengo, pachikani kope lake lojambula ndi kamera, chenichenicho chigone m'bokosi.

Chinyezi chabwino ndi cha pakati pa 45 ndi 55 peresenti. Chikapitirira 65 kwa masiku angapo chuku chimamera, ndipo kwathu kuno kuyambira Disembala mpaka Malichi m'nyumba zambiri chimapitirira pamenepo. Chikatsika pansi pa 35 pepala limauma gwa ndipo ulimbo uja umang'aluka. Njira yotheka ndi bokosi lapulasitiki lotseka bwino, zithunzi zitagona chogona, chilichonse m'chikwama cha pepala lopanda asidi kapena cha polyester, osati cha PVC chomwe chimatulutsa mafuta. Ikanimo kathumba ka silica gel, timibulu tomwa chinyezi, kosakhudza zithunzi, pamodzi ndi kachipangizo koyezera chinyezi. Silica gel akakhuta madzi muumitseni mu uvuni pa madigiri 120 kwa maola awiri, ndipo azizire musanamubwezere. Musakulunge chithunzi ngati mphasa, utoto wochindikala umasweka.

Bokosilo likhale pa shelefu, osati pansi kapena mogundana ndi khoma pomwe chiswe chimadutsa. Mphemvu ndi tizilombo tasiliva toterera totchedwa silverfish timasenga pamwamba pa pepala pofuna guluu ndi ulimbo, n'kusiya malo oyera ngati apalidwa. Mankhwala opopera asafike pa chithunzi, amasiya mafuta. Tsegulani bokosilo mwezi uliwonse m'dzinja, pa tsiku louma, muone ngati muli timbewu takuda ta ndowe za tizilombo kapena fungo la chuku.

Chithunzi chilichonse chikhale ndi pepala lake la kaundula losungidwa padera: mutu, mayina onse a m'munsi monga alembedwera, tsiku la wosindikiza, watermark ndi chaka chake, miyezo itatu m'mamilimita, ya chithunzi, ya mzere wa lata ndi ya pepala lonse, kuyamba ndi kutalika, ndiponso zilema zonse ndi komwe munachipeza. Chijambuleni kutsogolo, kumbuyo, ndi mounikira kuti watermark ioneke. Ngati pakufunika nambala pa chithunzi penipenipo, ilembeni kumbuyo, pakona ya pansi, ndi pensulo yofewa ya 2B, mosadinikiza.